Usasiye Besi Pamwamba pa Wadiropu

Lusungu mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe utapita kokatsanzika anzako akwaya, mayi ako ali pakhonde kusita zovala zako. Ndikanatha kudikira kuti ubwere ndikuuze pamaso, koma umandidziwa. Ndikafuna kuyamba nkhani yolemera ndimatsokomola kaye, kenako ndimakufunsa ngati wadya, nkhani n'kuthera pomwepo. Papepala pokha ndi pamene ndimafika kumapeto kwa zimene ndikufuna kunena. Uiwerenge lero lomwe, usadikire kuti basi ya ku Blantyre inyamuke mawa, chifukwa pali chinthu choti uchite usanatseke chikwama.

Lamlungu lija ndinakukhumudwitsa. Asibweni ako, alongo a mayi ako, atabwera kuchokera ku Geisha kudzakupatsa malangizo a ku koleji, ananena kuti gitala ya besi uisiye kuno. Anati mtsikana woyenda ndi gitala m'tauni amathera m'mabala, ndipo anthu akamva adzati pabanja pathu palibe mwambo. Iwe unandiyang'ana. Ine ndinayang'ana m'kapu ya tiyi ngati muli nkhani. Madzulo ake ndinadutsa pakhomo la chipinda chako, ndinaona besi ili pamwamba pa wadiropu, utaikulunga m'chitenje chakale cha mayi ako. Sunalire, sunakangane ndi munthu. Unachita ndendende zimene ndikanachita ine, ndipo zimenezo ndi zomwe zandiopsa.

Itsitse. Ukupita nayo.

Mu envelopu yaing'ono ndaphatikiza ndi kalatayi muli ndalama zogulira ampu yokuzira mawu a besi ndi bokosi la sipika. Ndagulitsako mitengo ya paini ija ndinadzala pamalo athu ku Kaning'ina, imene timati idzakhala matabwa a denga. Mayi ako akudziwa, ndipo wogula anamupeza ndi iwo. Ndalamazo si zambiri, sizingagule zonyezimira zija umaonera pa foni. Koma zingagule ampu yoti anthu akumve, ngati sukabwereza zolakwa zanga. Ndiye leka ndikuuze zolakwazo, poti ndi zokhazo zimene ndili nazo zambiri.

Ampu yanga yoyamba sinali ampu n'komwe. Ndinali nditangofika kuno kuchokera kwathu ku Mulanje, mphunzitsi wa fizikisi wa digiri yatsopano, Chitumbuka ndikudziwa "yewo" wothokozera yekha. Gulu loimba la kutchalitchi kwathu ku Chibavi linkasowa wa besi, ine n'kuvomera. Nditalandira malipiro oyamba ndinalowa m'sitolo ina m'tauni, ndinaona wailesi yaikulu yam'nyumba ya masipika awiri, kutsogolo atamatapo pepala lofiira lolembedwa mawati 2000. Ndinagula. Kunyumba inkagwedeza mawindo. Kutchalitchi, wang'oma atangomenya kamodzi, ine ndinasowa. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, zotuluka zinali ngati munthu akung'amba nsalu. Nambala yaikulu ya papepala lomata ndi yokopera ogula, Lusungu. Ampu uziitembenuza, uyang'ane kumbuyo kapena m'kabuku kake, upeze nambala imene yayandikana ndi zilembo zitatu izi, RMS. Imeneyo ndiye mphamvu imene ampu ingapereke nyimbo yonse mpaka kutha. Ngati palibe, uthokoze, utuluke. Besi imadya mphamvu zambiri kuposa gitala wamba, ndiye kuti uime pafupi ndi ng'oma n'kumveka, funafuna ya mawati 300 kapena kuyandikira pamenepo. Ukapeza ya 200 yoona, tenga, ndi yamphamvu kuposa ya 2000 ija ndinagula ine. Chochititsa manyazi n'chakuti zonsezi ndinkazidziwa, mayeso ake ndinakhoza bwino ku yunivesite. Koma wogulitsa ankalankhula motsimikiza, ine n'kuganiza kuti mwina wosadziwa ndine.

Bokosi langa loyamba la sipika ndinalisankhanso ndi maso. Linali lalitali kufika m'chiuno, lokutidwa ndi kapeti yakuda, lokhala ndi timagetsi tabuluu tothwanima. Ndinkalisunga m'kachipinda ka zida kutchalitchi. Nyengo yozizira ya kuno ukuidziwa, mvula yowaza yosakata, makoma ali chinyezi. Miyezi itatu isanathe bokosi linatupa m'makona ngati buledi wonyowa, chifukwa kunsi kwa kapeti kunali matabwa aja a utuchi wopanikiza. Ndikagunda chingwe chachikulu, bokosi linkaimba nyimbo yakeyake. Ndinapita nalo pa kabaza kwa a Nyirenda, kalipentala wa kuseri kwa msika. Anagogoda ndi chala n'kuyamba kuseka, akunditchula uphunzitsi wanga m'Chitumbuka.

"Asambizgi, apa mwagula utuchi chomene. Sipika ilibe mlandu, koma nyumba yake ndi phala."

Anandipangira lina la pulayiwudi wokhuthala, lopanda kapeti, lonyansa kuliona, ndipo silinanjenjemerepo ngakhale tsiku limodzi. Ndalama zikakuchepera, gula sipika yokha yabwino ya mainchi 15, yopangidwira besi, osati zija amaika m'buti ya galimoto. Upite nayo kwa kalipentala akupangire bokosi la pulayiwudi, miyeso yake ndakulembera kuseri kwa tsamba lomaliza. Ampu ikhale payokha, bokosi palokha, kuti china chikafa china chitsale. Ndipo usanalipire uyese kulinyamula wekha. Bokosi limene sungathe kulikweza wekha m'minibasi lidzakuchititsa kumapempha amuna tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo "zikomo" yekha sawakwanira. Limodzi ndi lokwana.

Tsopano nkhani imene sindinakuuzepo. Ukandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kuimba, ndimati ntchito ya kusukulu inachuluka. Ndi bodza limenelo. Nditadzimana kwa zaka ziwiri ndinagula ampu yeniyeni, yolemera, yopanda timagetsi. Tsiku lina kunali msonkhano wa makwaya pabwalo la tchalitchi, anthu ochokera m'mipingo yambiri. A tcheyamani a gulu lathu, bambo achikulire amene tonse tinkawalemekeza, anabwereka mabokosi ena atatu n'kulamula kuti onse alumikizidwe pa ampu yanga, ati kuti odutsa kumsewu nawonso amve. Kumbuyo kwa ampu kunalembedwa kuti isapatsidwe masipika otsika kuposa maomu 4. Bokosi lililonse linali la maomu 8. Awiri otere ukawalumikiza pamodzi amakhala 4. Anayi amakhala 2, ndipo ampu imakakamizika kutulutsa moto woposa umene ingapirire. Masamu amenewa ndinali nditawalemba ndi choko pa bolodi sabata yomweyo, ana asukulu akukopera.

Ndinatsokomola, ndinati, "Kapena tiyese awiri okha."

Iwo anati, "Asambizgi, za kusukulu zisiyeni kusukulu. Kuno ni ntchito ya Chiuta. Lumikizani."

Anthu anaseka, ine ndinasekanso nawo. Ndinagwada pafumbi, ndinalumikiza ndi manja angawa. Nyimbo yoyamba inamvekadi mpaka kumsewu, a tcheyamani akundiyang'ana ngati akuti mwaona. Pakati pa nyimbo yachitatu ndinamva fungo la pulasitiki wopsa, kenako kautsi koonda, kenako zii. Pofika Lolemba nkhani inali yoti aphunzitsi anagula ampu yabodza n'kuchititsa mpingo manyazi pamaso pa alendo. Sindinatsutse. Komiti inagula kiyibodi ija imadziimbira yokha besi ukadina batani, ndipo anandiuza mwaulemu kuti ndingathandize kumbali ya tenala. Ndinati yewo. Besi ndinakaiika kunsi kwa bedi, komwe iwe unaipeza uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, zingwe zitachita dzimbiri.

Ndiye mvetsetsa apa, mwana wanga. Uwerenge maomu kumbuyo kwa ampu, uwerengenso kumbuyo kwa bokosi. A bokosi asatsike kuposa amene ampu ikulola. Ngati ampu ndi ya 4 ndipo wapeza bokosi la 4, ampu ipereka mphamvu zake zonse, koma usawonjezerepo china chilichonse. Bokosi likakhala la 8, mphamvu ichepako pang'ono, koma m'tsogolo ungadzawonjezere limodzi, limodzi lokha. Mawati a sipika nawonso asachepere kutali ndi a ampu. Uonetsetse kuti ampu ili ndi kabowo kolembedwa DI kapena LINE OUT, kotumizira mawu ku mikisa, makina aja osakanizira mawu a gulu lonse. Akafuna kuti a kumsewu amve, njira yake ndi imeneyo, masipika awo akhale pa ampu yawo. Ndipo tsiku lidzafika, ndikulumbira, pamene munthu wamkulu adzaima pafupi nawe atagwira waya m'manja. Kaya ndi abusa, kaya ndi mwini ukwati, kaya ndi mnyamata amene ukumukonda. Uwerenge kaye. Masamu akakana, iwenso ukane. Gwada ngati ukufuna, uwatchule adada, uwathokoze chomene, koma pa ampu yako asalowetsepo waya. Akaseka, aseke. Ine ndinaseka nawo, ndipo zaka makumi awiri zapita ndikuimba tenala.

Cholakwa china ndi cha chaka chatha chomwechi, ndipo unalipo. Tinalowa limodzi m'sitolo ya zida zoimbira m'tauni kukagula zingwe. Iwe ndiwe unafunsa zingwezo, unatchula ndi kukula kwake, koma wogulitsa anayankha ine. Kenako anati, "Ndi za achimwene ake?" Ine ndinamwetulira. Ndinali ndi mpata woti ndinene kuti woimba ndi uyu, koma ndinamwetulira n'kulandira chenji. Ku Blantyre udzakumana nazo zomwezo, ndipo ine sindidzakhalapo kuti ndimwetulire. Upite masana, ndi mnzako, utanyamula besi yako ndi waya wako. Adzafuna kukuyesera ampu ndi nyimbo za pa foni. Ukane, nyimbo za pa foni zimakoma paliponse. Lumikiza besi, ugunde chingwe chachikulu osachipana ndi chala, uchisiye chilire mpaka chitatha. Kenako ukwere pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa khosi la besiyo, ukumvetsera ngati pali chonjenjemera. Uzimitse, uike zala zotambasula pa pepala la sipika, ukankhe pang'ono kwambiri. Ukamva kukhula m'kati, koyilo inapsapo, isiye ngakhale atsitse mtengo. Ununkhize kumene kumatulukira mpweya pa ampu. Uyatsenso, uimbe theka la ola, ugwire kumbuyo. Kufunda n'kwabwino, kuotcha ayi. Wogulitsa adzayamba kuusa moyo ndi kuyang'ana wotchi. Asiye ause. Ndalama zimenezo ndi mitengo imene inatenga zaka kuti ikule.

Usachite manyazi ndi ampu yogwirapo kale ntchito, yokalikakalika. Ndipotu usanalowe m'sitolo iliyonse, uyambe wafunsa m'matchalitchi. Pali mipingo imene inagula kiyibodi ngati wathuwu, maampu a besi n'kuwakankhira m'kachipinda pamodzi ndi mabenchi othyoka. Ukawafunsa mwaulemu angakugulitse motchipa, mwinanso adzakuthokoza kuti wawachotsera katundu. Kiyibodi inandichotsa ine pamalo, ndiye iwe ukadyerepo.

Mayi ako ali ndi nthabwala imene amakonda kunena pakakhala alendo. Iwo ankaimba soprano m'gulu lomwelo. Amati, "Ine ndinkangoona zala zikuyenda, mawu ayi. Ndinakwatiwa nanu poganiza kuti mwina kunyumba ndidzakumvani." Alendo amaseka, ine ndimasekanso, koma akunena zoona. Ngakhale nthawi imene ndinali ndi ampu yabwino ija, voliyumu ndinkaiika pansi, kuopa kuti ndikalakwitsa anthu amva. Munthu wina akangocheuka, dzanja langa linali litafika kale pa kabatani kochepetsera. Iwe suli choncho m'zala, umaimba bwino kuposa mmene ndinaimbirapo ine. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi wakhala ukuimba besi yosalumikiza kuchipinda, ndipo kutchalitchi, pamene anakulola kuti uziimba, umadutsira pa mikisa, pomwe a Chirwa, amene amaiyendetsa, amakuchepetsa kuti kiyibodi ya mphwawo imveke. Ndakhala ndikuwaona akutsitsa. Mwana wanga, sunadzimvepo bwinobwino mpaka lero.

Ukadzaipeza ampu, usatengere anthu a kuno amene amapotoza kabatani ka BASS mpaka kumapeto kuti pachifuwa pagwedezeke. Zikatero mawu amasanduka matope, mphamvu imathera pomwepo, ndipo palibe amene amadziwa kuti ukuimba chiyani. Kameneko kasiye pakati. Ukweze pang'ono kolembedwa MID, ndi komwe kamachititsa kuti besi idutse pakati pa ng'oma ndi kiyibodi n'kukafika kwa munthu wa pabenchi yomaliza. Bokosi uliike pansi, pafupi ndi khoma, osati pa tebulo. Kagetsi kofiira kakayamba kuyaka osazima kapena mawu akayamba kung'ambika, bwerera pang'ono. Uzichepetsa chifukwa cha kagetsi kameneko, osati chifukwa choti wina wacheuka.

Za magetsi sindinena zambiri, umawadziwa mmene amapitira ndi mmene amabwerera. Ampu usailumikize kukhoma popanda kachida kaja kotetezera firiji. Pa jenereta, udikire ikhazikike, ampu uyatse pomaliza ndipo uzimitse poyamba. Kathu ka pa firiji ndakazula, kali m'chikwama chako kunsi kwa majuzi. Mayi ako sanazindikire. Ndigula kena Loweruka, usandiulule.

Sindikunamiza kuti ndilibe mantha. Masiku atatuwa ndakhala ndikudzifunsa ngati asibweni ako sakuona chinthu chimene ine sindikuchiona. Iwo akhalapo ku Blantyre, ine ndimangodutsa. Mwinanso ndikukusenzetsa besi chifukwa cha manyazi anga akale, zimenezo nazonso ndaziganizira. Ndiye ndikuuza kuti tsiku limene udzatope nayo wekha, udzaisiye, sindidzafunsa za mitengo. Koma uisiye iwe, pasapezeke wokusiyitsa. Maphunziro uwagwire ndi manja awiri, chifukwa ukangolephera phunziro limodzi, kuno adzati ndi gitala, ndipo sindikufuna kuwapatsa chonena. Malo amene sungakonde kuti mayi ako akupezemo, usaimbemo ngakhale akulonjeze zotani. Ndaphunzitsa atsikana ambiri, ena zinawayendera, ena anasokonekera, ndipo mwa osokonekerawo sindikukumbukamo ndi mmodzi yemwe amene anali ndi gitala.

Lero m'mawa, iwe uli kumsika, ndinapita ku Geisha. Ndinawapeza asibweni ako akutsuka galimoto.

"Alamu, mwawuka uli? Kwagwanji m'mawa muno?"

Ndinatsokomola. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa ngati adya. Kenako ndinati, "Mwana akupita ndi gitala."

"Mwati uli?"

"Akupita ndi gitala. Ndipo ndamupatsa ndalama ya ampu."

Anatseka mpopi. "Mlongo wanga amandiuza za mitengo. Mwagulitsa denga chifukwa cha phokoso?"

"Eya."

"Akakaonongeka kumeneko musadzabwere pano."

"Ndidzabwera ndithu, ndinu asibweni ake. Koma gitala ikupita."

Anandiyang'ana, thovu likuuma pa galimoto. Kenako anati, "Zaka zonsezi, alamu, ine ndimayesa mulibe mawu." Tiyi sanandiitanire, ndipo anena kuti ku depoti mawa sabwera. Ndinatuluka pageti mofulumira. Ambulera yanga ndaiiwala komweko, ndipo sindikaitenga msanga. Usawade. Amakukonda mwa njira yawo, ndipo ukabwera pa holide udzapite kukawalonjera monga mwa nthawi zonse.

Ukamaliza kuwerenga, kwera pampando utsitse besi pa wadiropu. Chitenje uwabwezere mayi ako. Mawa iwe unyamula chikwama, besi ndinyamula ine, paphewa, yosakulunga, ndipo tidzera msewu wa kutchalitchi ngakhale ndi wozungulira. Amene afunse ndimuyankha ndekha.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Tsiku limene udzalumikize ampu yako koyamba, udzandiimbire foni, uiike patsogolo pa bokosi, ugunde chingwe chachikulu. Ndikudziwa kuti sindidzamva kanthu, foni sinyamula mawu otsika chotero, zimenezo ndimaphunzitsa ndine. Ndidzakhala ndikumvetsera chitseko chako. Ndikadzamva wina akugogoda kuti uchepetse, ndidzadziwa kuti wagula yoyenera. Udzamalize kaye nyimboyo, kenako ukatsegule.

Ndine adada ako.